Mimba ikachedwa, tiyambe kufunsa thupi la yani?

Banja likatha chaka chimodzi, ziwiri, pakhomo pali zii osamveka kulira kwa khanda, maso a mudzi wonse amatembenukira kwa mkazi. Ndiye amene azakhali amamuitanira kuseri kwa nyumba kuti akamufunse bwino, ndiye amene amapita naye kwa asing'anga kukamwa mizu yowawa, ndiye amene amagwada kutsogolo m'tchalitchi kuti amusanjike manja, ndipo zonse zikakanika ndiye amene amamva dzina lolasa mtima lija lakuti chumba. Mwamuna nthawi zambiri amangopereka ya minibasi n'kutsala pakhomo. Ndikufuna kuonetsa m'nkhani ino, potsata mmene ziwalo zoberekera za mwamuna ndi za mkazi zinapangidwira ndi mmene zimagwirira ntchito, kuti kachitidwe kameneka tinakayambira kumchira. Mimba ili ngati unyolo wa mphete zambiri, zina zili m'thupi la mkazi, zina m'thupi la mwamuna, ndipo palibe munthu angaloze ndi maso okha mphete imene yaduka. Ngati pali woyenera kuyamba kuyezedwa, ameneyo ndi mwamuna.

Gwero la chizolowezichi lili m'fanizo limene ambiri tinakula nalo, lakuti mwamuna amabzala ndipo mkazi ndi munda. Fanizoli si lathu lokha. Ku Greece, zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, Aristotle ankaphunzitsa kuti umuna ndiwo umaumba mwana, pomwe mkazi amangopereka zoumbira zochokera m'magazi a kumwezi. Mu 1677, Antonie van Leeuwenhoek wa mumzinda wa Delft ku Netherlands atayang'ana umuna pa maikulosikopu yake n'kuonamo tinthu tamichira tikusambira, ena anati nkhani yatha, kamwana kathunthu kamakhala m'mutu mwa kambewu. Mu 1694 Nicolaas Hartsoeker anachita kujambula kamunthu kali chinyonyomale m'menemo. Dzira la nyama zoyamwitsa linadzapezeka patapita zaka 150 Leeuwenhoek ataona timbewu tija, mu 1827, pamene Karl Ernst von Baer analiona m'thupi la galu wamkazi, ndipo mu 1876 Oscar Hertwig, poyang'ana mazira a tinyama taminga ta m'nyanja yamchere, anaona kuti mkati mwa mbewu ndi mkati mwa dzira mumaphatikizana n'kukhala chinthu chimodzi. Lero tikudziwa kuti selo la munthu lili ndi makoromozomu 46, ndipo mwana amatenga 23 kwa mayi, 23 kwa bambo. Mkazi si munda chabe, nayenso ali ndi mbewu yake. Komanso ngakhale titati tikakamire fanizo lakaleli, mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga chofumbwa ndi anankafumbwe sichimera ngakhale uchibzale pachulu. Pakapanda kumera kanthu, amafukula phando n'kuona mbewu asanatukwane nthaka.

Tiyambe ndi mwamuna, ndipo titchule zinthu ndi maina ake. Mbewu ya abambo imapangidwa m'machende, ziwalo ziwiri zimene mwana wamwamuna akadali m'mimba zimayambira m'kati mwa thupi, pafupi ndi impso, n'kumatsika pang'onopang'ono kufikira zitalowa m'thumba lake chakumapeto kwa mimba. Kulendewera kunjako kuli ndi chifukwa. Thupi limatentha madigiri 37, koma mbewu imapangika bwino pamalo pozizirirapo ndi madigiri 2 kapena 3, n'chifukwa chake thumbali limakwinyika kukazizira n'kumasuka kukatentha. M'kati mwa machende muli timachubu tosaoneka bwino ndi maso topiringizana ngati ulusi, ndipo m'makoma a timachubuto ndimo mbewu zimakulira, mamiliyoni ambiri tsiku lililonse kuyambira pamene mnyamata watha msinkhu. Kambewu kamodzi kamatenga masiku pafupifupi 74 kuti kaumbike. Kakatero sikanathebe kusambira. Kamalowa m'kachubu kena kotchedwa epididymis, kamene kanakulungidwa kumbuyo kwa machende koma mutakatambasula kangafike mamita 6, ndipo m'menemo kamakhwimira kwa masiku ena angapo. Ntchito yonseyi imalamulidwa kuchokera m'mutu. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kangati njere ya nandolo kotchedwa pituitary, kamene kamatumiza mahomoni awiri m'magazi: LH imauza machende kuti apange testosterone, ndipo FSH pamodzi ndi testosterone yomweyo zimayendetsa kupangika kwa mbewu. Mukaphatikiza masiku onsewa, mbewu imene yatuluka lero inayamba kupangidwa miyezi pafupifupi itatu yapitayo. Malungo otentha thupi kwambiri amene mwamuna anadwala mu Januwale angathe kuchepetsa mbewu yake mpaka mu Epulo, iye atachira kalekale n'kuiwala.

Apa ndi pamene pamabuka kutsutsa koyamba, ndipo ndi kumene amuna ambiri amadalira. Amati ine ndili bwinobwino, mphamvu ndili nazo, ntchito ya m'nyumba ndimaigwira ndipo umuna umatuluka, ndiye vuto lingakhale bwanji kwa ine? Yankho lake lili m'kusiyanitsa zinthu zitatu zimene pakamwa timazisakaniza: kutota, umuna ndi mbewu. Kutota ndi nkhani ya mitsempha ndi magazi odzaza m'minofu ya chida cha abambo. Umuna ndi madzi, ndipo ochuluka mwa madziwo sachokera kumachende n'komwe. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu amachokera m'timatumba tiwiri tokhala kumbuyo kwa chikhodzodzo, timene timathiramo shuga wopatsa mbewu mphamvu, ndipo gawo lina lalikulu limachokera m'chiwalo chotchedwa prostate, chokhala kunsi kwa chikhodzodzo chomwecho. Mbewu zenizenizo ndi kagawo kochepa zedi ka zimene zimatuluka, ndipo kambewu kamodzi n'kakang'ono moti tingafunike 20 tondondozana kuti tikwane milimita imodzi. Umboni wake tili nawo m'zipatala zathu zomwezi. Bambo amene watsekedwa pofuna kulera amadulidwa timachubu tiwiri totenga mbewu kuchokera kumachende, koma amatotabe, amatulutsabe umuna wooneka chimodzimodzi, ngakhale mkazi wake sangasiyanitse, chonsecho mulibe mbewu ngakhale imodzi. Zimene dokotala amachita dala ndi mpeni, matenda amazichita mwakachetechete. Mwamuna mmodzi mwa amuna 100 aliwonse umuna wake mulibiretu mbewu, ndipo ambiri oposa pamenepo mbewu ali nazo koma zochepa, zaulesi posambira kapena zopunduka. Gondolosi amene amagulitsidwa m'misika, munthu akamatafuna amakhala akufuna chilakolako ndi nyonga ya kuchipinda, ndipo chilakolako sichitsegula kachubu kotsekeka. Chomvetsa chisoni kwambiri n'chakuti amuna amene amabayitsa testosterone kuti akhale ndi matupi ojintcha amauza ubongo kuti homoniyi yakwana kale, ubongo n'kuleka kutumiza LH ndi FSH, mbewu n'kuchepa mwinanso kutheratu. Thupi looneka lachamuna kwambiri lingathe kukhala lomwelo limene lasiya kupanga mbewu.

Thupi la mkazi limayenda mwa dongosolo lina. Mwamuna amapanga mbewu zatsopano tsiku ndi tsiku, koma mkazi amabadwa ndi nkhokwe yake yonse. Mwana wamkazi ali ndi miyezi isanu m'mimba mwa mayi ake amakhala ndi mazira pakati pa mamiliyoni 6 ndi 7. Pobadwa amakhala atatsala miliyoni imodzi kapena awiri, pakutha msinkhu pafupifupi 300,000 kapena 400,000, ndipo mwa onsewa amene adzakhwime n'kutuluka pamoyo wake wonse ndi 400 kapena 500 basi. Mazirawa amakhala m'matumba awiri, lina kumanja lina kumanzere kwa chiberekero, lililonse lotalika masentimita 3 kapena 4. Chiberekero ndi mnofu wolimba wangati peyala laling'ono lozondotsa, masentimita 7 kapena 8, koma umene pamapeto a mimba umatambasuka mpaka kufika pansi pa nthiti n'kulemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Kumunsi kwake kuli khomo la chiberekero, lotulukira kunjira yoberekera. Kumtunda, mbali zonse ziwiri, kuli timachubu totalika masentimita 10 kapena 12, timene Gabriele Falloppio wa ku Italy anatifotokoza mu 1561. Timachubuti sitinalumikizidwe kumatumba a mazira monga paipi ya madzi. Kumapeto kwake tili ndi tizala tofewa timene timasesa pamwamba pa thumbalo n'kuwakha dzira likangotuluka, ndipo m'kati mwake muli titsitsi tosaoneka ndi maso timene timapalasa dziralo kulowera kuchiberekero. Malo opapatiza kwambiri m'kanjirako ndi milimita imodzi kapena kucheperapo. Kumbukirani kupapatiza kumeneku, chifukwa ndi pamene maukwati ambiri a kuno kwathu amathera.

Mahomoni amene amalamula thupi la mkazi ndi omwe aja, FSH ndi LH, ochokera m'kachiwalo komwe kaja ka pansi pa ubongo, kungoti mwa mkazi amakwera ndi kutsika ngati madzi a mumtsinje. Tsiku loyamba kusamba, FSH imadzutsa gulu la mazira, lililonse m'kachikwama kake ka madzi. Limodzi limaposa anzake, ndipo kachikwama kake kamatulutsa estrogen, imene imayala khoma la m'kati mwa chiberekero kuti likhuthale monga mmene mayi amayalira mphasa mlendo asanafike. Estrogen yomweyo imasintha chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti chikhale choyera, choterera ndi chonanda ngati choyera cha dzira la nkhuku losaphika, chimene mbewu zimatha kusambiramo. Estrogen ikachuluka, LH imakwera mwadzidzidzi, ndipo patapita tsiku limodzi kapena limodzi ndi theka kachikwama kaja kamaphulika, dzira n'kutuluka. Chotsalira cha kachikwamako chimayamba kutulutsa progesterone, yosunga mphasa ija kuti isayalulidwe. Pakapanda mimba, patapita masiku pafupifupi 14 progesterone imatsika, khoma lija limayoyoka n'kutuluka pamodzi ndi magazi. Kusamba ndi kumeneku. Si thupi kutaya zoipa ayi, ndipo magaziwo alibe ululu uliwonse wodwalitsa munthu. Kyusaku Ogino wa ku Japan ndi Hermann Knaus wa ku Austria, aliyense payekha m'zaka za m'ma 1920, ndiwo anaonetsa kuti dzira limatuluka pafupifupi masabata awiri msambo wotsatira usanayambe, osati nthawi yosamba monga ambiri ankaganizira. Choncho mkazi amene amasamba masiku 35 aliwonse dzira lake limatuluka cha pa tsiku la 21, osati la 14.

Tsopano taonani kuchepa kwa mpata umene matupi awiriwa ali nawo. Dzira likatuluka limakhala moyo maola 12 mpaka 24. Mbewu zingadikire m'thupi la mkazi mpaka masiku asanu. Ndiye kuti pamwezi wonse pali masiku asanu ndi limodzi okha amene mimba ingachitike, monga anapezera Allen Wilcox ndi anzake ku America pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1995. Mwamuna woyendetsa thiraki kapena wogwira ntchito ku Johannesburg, amene amabwera kunyumba mwa apo ndi apo, angathe kuphonya masiku amenewa chaka chathunthu, onse awiri ali abwinobwino. Akakumana pa nthawi yake, ulendo umene mbewu zimayenda ndi wothetsa zambiri. Njira yoberekera ili ndi asidi woiteteza ku tizilombo, ndipo asidi yemweyo amapha mbewu zochuluka ngakhale umuna umayesa kumuziziritsa. Zina zimakodwa pakhomo la chiberekero, zina zimadyedwa ndi asilikali a m'thupi, zina zimalowera kuchubu kumene kulibe dzira mwezi umenewo. Mwa mamiliyoni makumimakumi amene ananyamuka, zofika pafupi ndi dzira ndi mazana ochepa chabe. Ichi ndicho chifukwa chake kuchuluka kwa mbewu kuli nkhani yaikulu, ndipo buku la World Health Organization la mu 2021 limaika mamiliyoni 16 pa mililita imodzi ngati malire akumunsi a zimene zimapezeka mwa amuna obereka. Pali chinanso chimene Min Chueh Chang ndi Colin Austin anapeza mu 1951, aliyense payekha: mbewu yongotuluka kumene singathe kuboola dzira kufikira itakhala maola angapo m'thupi la mkazi, mmene madzi a m'menemo amaimalizitsa kukonza. Mbewu ya mwamuna imamalizira kukhwima mwa mkazi. Mbewu ndi dzira zikakumana m'kachubu, dzira limatseka chikopa chake kuti ina isalowenso, limayamba kugawikana uku likupalasidwa, ndipo patapita pafupifupi sabata limodziika m'khoma la chiberekero. Pamenepo limayamba kutulutsa homoni yotchedwa hCG, youza thupi kuti lisasambe, ndipo ndi imeneyo imene kachipangizo koyezera mimba kamaipeza mumkodzo. Ngakhale zonse zili bwino, mwayi wa mimba pamwezi umodzi ndi pafupifupi umodzi mwa inayi kapena isanu. Mabanja oposa 80 mwa 100 amaima pasanathe chaka, ndipo mwa otsalawo pafupifupi theka amaima m'chaka chachiwiri popanda mankhwala alionse. Sing'anga amene amatamandidwa kuti mizu yake inagwira, kawirikawiri amakhala atathandizidwa ndi kalendala.

Wina anganene kuti mwafotokoza nokha kuti thupi la mkazi lili ndi zambiri zochita: kukhwimitsa dzira, kuliwakha, kulipalasa, kulisunga miyezi isanu ndi inayi. Pamene pali zambiri zochita, palinso zambiri zoti zilakwike, ndiye makolo sanalakwe kuyamba kukayikira mkazi. Kutsutsa kumeneku kuli ndi choonadi chake ndipo sindikubisa. Dzira lingathe kusatuluka chifukwa cha kusokonekera kwa mahomoni, zotupa za m'chiberekero n'zofala pakati pa amayi achikuda, ndipo mazira amachepa n'kufooka zaka zikamapita, makamaka mkazi akapitirira zaka 35, kufikira atasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55. Kafukufuku wa World Health Organization amene anasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 1985 anapeza kuti m'zipatala za mu Africa kutsekeka kwa machubu kunali kofala kwambiri kuposa m'maiko ena, ndipo kuti gwero lake lalikulu linali matenda. Koma tifunse kuti matendawo anafika bwanji m'machubumo. Chinzonono ndi chlamydia amapatsirana anthu awiri. Mwa mwamuna chinzonono chimafuula, mkodzo umawotcha, mafinya amatuluka, iye amathamangira kukagula makapisozi, nthawi zina osamuuza n'komwe mkazi wake. Mwa mkazi matenda omwewo amatha kukhala duu osaonetsa chizindikiro, uku akukwera kudutsa khomo la chiberekero mpaka kukatupitsa timachubu tija, kupha titsitsi topalasa dzira ndi kusiya zipsera pamalo opapatiza aja. Kanjira kakatsekeka pang'ono chabe, dzira lokumana ndi mbewu limakakamira m'menemo n'kuyamba kukula, kachubu n'kuphulika, mayi n'kutayira magazi m'mimba. Ndiye ngakhale chithunzi cha kuchipatala chitaonetsa kuti chotchinga chili mwa mkazi, mbiri ya chotchingacho kawirikawiri ili ndi anthu awiri. Enanso machubu awo anawonongeka ndi matenda olowa pobereka kapena popita padera pamalo opanda ukhondo, ndipo kwa okhala m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi m'chigwa cha Shire, likodzo limaikira mazira ake m'ziwalo zoberekera za amayi ndi abambo omwe. Kuwonjezera apo, akatswiri akawerengera mabanja onse ovutika kubereka, amapeza kuti mwamuna ali ndi gawo m'vutolo pa mabanja pafupifupi theka, kaya yekha kaya pamodzi ndi mkazi. Lipoti la World Health Organization la mu 2023 linati munthu mmodzi mwa akuluakulu asanu ndi mmodzi aliwonse amakumana ndi vutoli nthawi ina pamoyo wake, ndipo kusiyana kwa maiko olemera ndi osauka n'kochepa.

Kutsutsa kwina n'kwamphamvu kuposa apa, chifukwa kumabwera ndi mboni yoyenda ndi miyendo: ine ndili ndi mwana kwina. Koma mwana wa zaka khumi ndi umboni wa mmene thupi linalili zaka khumi zapitazo. Pakati apa pangathe kuchitika zambiri. Chinzonono chosachizidwa bwino chimatseka epididymis monga mmene chimatsekera machubu a mkazi. Matsagwidi akamugwira munthu atakula kale amatha kutsikira kumachende n'kuwafwetsa. Mitsempha ya magazi ya m'thumba la machende, makamaka kumanzere, imatha kufufuma n'kumaoneka ngati nyongolotsi zopiringizana, n'kutenthetsa machende. Vutoli limapezeka mwa amuna pafupifupi 15 mwa 100 aliwonse, ndipo mwa amuna ovutika kubereka limapezeka mwa mmodzi pa atatu kapena kuposa. Fodya, mowa wambiri, matenda a shuga ndi kunenepa kwambiri zimachotsanso pang'onopang'ono. Komanso kubereka si nyale yoti yayaka kapena yazima, kuli ndi milingo. Mwamuna wa mbewu zochepa akakumana ndi mkazi wachonde kwambiri mwana angabadwe, koma yemweyo akakumana ndi mkazi amene dzira lake limatuluka modumphadumpha, zaka zimangopita. Awiriwa akalekana aliyense n'kukabereka kwina, mudzi umasokonezeka posowa womuloza chala, chonsecho thupi silinachite chachilendo chilichonse.

Tisanamizire makolo athu kuti zimenezi sankazidziwa konse. Chichewa chili ndi mawu akuti gojo, ndipo mwambo wolowetsa fisi m'nyumba mwakabisira kuti akaberekere mnzake sukanakhalapo anthu akanakhala kuti amakhulupirira kuti mwamuna salephera. Kumene kuli chikamwini, mkamwini amene sakumanga mudzi ankatha kupatsidwa chikwama chake. Choncho nzeru yakuti vuto lingakhale kwa mwamuna ndi yathu yomwe. Chimene chinasiyana n'chakuti kulephera kwa mwamuna kunkakwiriridwa usiku ndi akuluakulu awiri atatu, pomwe kwa mkazi kunkayanikidwa pamtsetse ndi pachitsime. Ndipo ziweruzo zonse ziwirizo zinali zongopenekera, popeza panalibe maso oonera kambewu. Njira ya fisi masiku ano a HIV ndi yoika moyo pachiswe, ndipo imamuika mkazi pamalo oti thupi lake ligwiritsidwe ntchito pophimba manyazi a wina.

Mlandu wina umene amayi amasenza popanda chifukwa ndi wobereka ana aakazi okhaokha. Mwa makoromozomu 23 a dzira, imodzi ndi yotchedwa X, nthawi zonse. Mbewu za mwamuna n'zimene zili mitundu iwiri, theka zonyamula X, theka zonyamula Y. Ikafika ya X mwana ndi wamkazi, ikafika ya Y ndi wamwamuna. Nettie Stevens, mayi wasayansi wa ku America, anazindikira zimenezi mu 1905 pofufuza tizilombo tina todya ufa, ndipo mu 1990 akatswiri ku London anapeza kachidutswa ka pa Y kotchedwa SRY, kamene cha m'sabata lachisanu ndi chiwiri kamauza ziwalo za kamwana kuti zisanduke machende. Isanafike nthawiyo, kamwana kakamuna ndi kakakazi sitisiyana maonekedwe, ndipo machende ndi matumba a mazira amaphuka pa tsinde limodzi. Mfumu Henry VIII ya ku England inataya mkazi wake woyamba n'kudulitsa mutu wachiwiri, Anne Boleyn, mu 1536, mkwiyo wosowa mwana wamwamuna wolowa ufumu uli m'kati mwa nkhaniyo. Komabe apa tisasamutse mlandu kuchoka kwa mayi kupita kwa bambo, chifukwa nayenso sasankha mbewu yoti ifike. Padziko lonse pamabadwa anyamata pafupifupi 105 pa atsikana 100 aliwonse, ndipo banja la atsikana asanu langochita mwayi umodzimodzi kasanu. Kupita padera nakonso, kumene kumachitika pa mimba imodzi kapena ziwiri mwa khumi zodziwika, pafupifupi theka la nthawi kumayamba chifukwa makoromozomu a kamwanako sanagawikane bwino kuyambira pachiyambi, osati chifukwa mayi anasenza ndowa kapena wina anathira mchere m'ndiwo ali kumwezi.

Ena amati nkhani zoterezi n'zolaula, malo ake ndi kutsimba ndi kudambwe, osati m'buku limene mwana angatole. Ulemu umene chinenero chathu chimapereka ku ziwalozi ndimaulemekeza, ndipo pali nzeru m'mawu ozungulira monga kumwezi, pathupi, kudwala ndi kuchira. Koma anankungwi ankaphunzitsa zimene ankaziona, ndipo kachubu ka milimita imodzi sakanakaona. Mtsikana amene sakudziwa kuti kupweteka kwa m'chinena kobwera ndi chikazi chonunkha kungamutsekere njira ya ana, amangopirira poopa kutchula, n'kudzalipira zaka zisanu kutsogolo. Makolo amene sakudziwa kuti machende onse awiri a khanda ayenera kukhala atatsika sangafunse kusikelo ya ana, chonsecho opaleshoni yotsitsa imathandiza kwambiri ikachitika mwana asanapitirire chaka ndi theka. Manyazi amene amabisa zimenezi akuteteza makutu n'kumawononga thupi.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuti mwamuna ayambe? Yerekezani zimene aliyense amadutsamo. Kuti aone ngati machubu a mkazi ali otseguka, amamugoneka pabedi la X-ray, kulowetsa kachipangizo pakhomo la chiberekero, kupopera mankhwala amadzi m'kati n'kumajambula ngati akudutsa, ndipo zimapweteka ngati cham'mimba cha msambo kapena kuposa. Kuti aone ngati dzira likutuluka pamafunika magazi otengedwa pa masiku ake enieni, mwinanso sikani kangapo, ndipo nthawi zina amafika pobowola pamimba kuti alowetse kakamera. Mwamuna amangopemphedwa kudziletsa masiku awiri mpaka asanu ndi awiri, kuika umuna m'kabotolo koyera n'kukapereka kulabotale lisanathe ola limodzi. Woyeza amadonthezera pakagalasi, n'kuwerenga kuchuluka kwa mbewu, kuona zingati zikusambira molunjika ndi zingati zili ndi mitu ndi michira yabwino. Palibe jakisoni, palibe mpeni. Zotsatira zikakhala zoipa amabwerezanso patapita miyezi pafupifupi itatu, chifukwa cha masiku aja amene mbewu imatenga kuti ipangike. Kumumwetsa mkazi mankhwala otulutsa mazira chaka chonse pomwe umuna wa mwamuna wake mulibe mbewu ndi kutunga madzi ndi dengu, ndipo ndalama zimene zimathera pamenepo zikanakwana kuyeza mwamunayo kambirimbiri. Madokotala amalangiza kuti banja lipite limodzi pakatha miyezi 12, kapena miyezi 6 ngati mkazi wapitirira zaka 35.

Kutsutsa kotsiriza n'kumene kumandivuta kwambiri kuyankha. Munthu angati, ndikayezedwa n'kupezeka kuti ndine, ndipindulanji, popeza chithandizo chake n'cha anthu olemera? N'zoona kuti njira yokumanitsira dzira ndi mbewu kunja kwa thupi, imene Patrick Steptoe ndi Robert Edwards anabadwitsira Louise Brown ku Oldham pa 25 Julayi 1978, mayi ake atatsekeka machubu, ndiponso njira yobayira kambewu kamodzi m'dzira imene inayambira ku Brussels mu 1992, mtengo wake mabanja ambiri a kuno sangaufike. Koma si vuto lililonse limafuna zimenezo. Matenda opatsirana pogonana amachizika ndi mankhwala wamba ngati onse awiri amwa nthawi imodzi, likodzo lili ndi mapiritsi a praziquantel, mitsempha yofufuma ija imamangidwa ndi opaleshoni yaing'ono, dzira losatuluka kawirikawiri limadzutsidwa ndi mapiritsi, ndipo wosiya fodya kapena majakisoni a testosterone amatha kuona mbewu zikubwerera patapita miyezi. Pamene palibe chochita, kudziwa kumaletsa mwamuna kukwatira wachiwiri ndi wachitatu pofunafuna mwana amene thupi lake silingapereke, uku akutola ndi kumwaza matenda amene adzatseka machubu a akazi ena. Kumathandizanso ankhoswe, amene pamlandu wotere amafunsa mbali zonse za ndiwo, za mowa ndi za ulemu kwa apongozi, kuti awonjezere funso limodzi asanalole ukwati kutha: kodi bamboyu anapitako kulabotale?